N'chifukwa chiyani mabakiteriya a inokulanti amafa msanga pambewu pomwe anzawo amapirira chilimwe chonse m'nthaka?

Mayi wina amene amagwira ntchito ya ulangizi pakati pa alimi a soya anditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndi bwino ndiliyankhe poyera. Likukhudza inokulanti, amene ndi mabakiteriya a m'paketi osakaniza ndi mbewu kuti apange timibulu kumizu n'kupatsa chomera nayitrojeni. Iwo akuti: "Timauza alimi kuti mbewu yosakaniza ndi inokulanti isakhale padzuwa ndipo ibzalidwe tsiku lomwelo, chifukwa mabakiteriya ake sachedwa kufa. Koma alimiwo akundifunsa kuti, ngati ndi osalimba chotero, amatha bwanji kukhala m'dothi louma kuchokera mu Meyi mpaka mu Novembala, n'kudzapanganso timibulu kumizu chaka chotsatira? Ndiwayankhe bwanji?"

Mayi, alimi anuwo aona bwino, ndipo zonse ziwiri n'zoona. Bakiteriya wa m'timibulu ta kumizu, amene asayansi amamutcha rhizobium, sakhala wodziteteza nthawi zonse. Mwa malangizo olembedwa mu DNA yake, amene timawatcha majini, muli ena a chitetezo amene amakhala otseka zinthu zikamayenda bwino, ndipo amatseguka pokhapokha bakiteriyayo akazindikira kuti vuto layandikira. Kutseguka kumeneku, pamodzi ndi kupanga zinthu zimene majiniwo amalamula, kumafuna nthawi. Zili ngati munthu amene wayanika ufa pamphasa: mitambo ikamasonkhana pang'onopang'ono amaanula bwinobwino, koma mvula ikagwa mosachenjeza ufawo umanyowa ngakhale mwini wake ali pomwepo.

Dziwaninso kuti mabakiteriya ena a m'nthaka, monga a mtundu wa Bacillus, zinthu zikavuta amadzikuta m'chikhungwa cholimba n'kugona zaka zambiri. Rhizobium sangathe kuchita zimenezi. Iye amayenera kupirira ali momwemo, choncho moyo wake wonse umadalira kuti majini oyenera atseguke pa nthawi yake.

Tiyambe ndi kuuma, popeza ndi kumene kumapha ambiri pambewu. Madzi akamachoka m'selo, kachikopa kokuta seloyo kamang'ambika ndipo mapuloteni a m'kati amapindika n'kusiya kugwira ntchito. Podziteteza, bakiteriya amadzaza selo yake ndi mtundu wina wa shuga wotchedwa trehalose, umene umalowa m'malo mwa madzi n'kugwira kachikopako ndi mapuloteniwo kuti asaonongeke. Majini opangira shuga ameneyu ndi odziwika bwino, ndipo ena mwa iwo ndi otsA, otsB ndi treS. Bakiteriya wa soya wotchedwa USDA 110, amene kale ankadziwika kuti Bradyrhizobium japonicum ndipo kuyambira mu 2013 amatchedwa Bradyrhizobium diazoefficiens, ali ndi majini oposa 8,000, monga momwe akatswiri a ku Kazusa DNA Research Institute ku Japan anasonyezera mu 2002 atawerenga DNA yake yonse. Asayansi a ku America atamuumitsa m'labotale anapeza kuti majini oposa 1,000 anasintha kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo pakati pa amene anatseguka panali a trehalose aja, ena okonza DNA yoonongeka, ndi ena opanga utomoni umene bakiteriyayu amadzimata nawo kunja. Ntchito yaikulu chotere singachitike m'mphindi zochepa. Dothi la m'munda limauma kwa milungu ingapo mvula ikasiya, ndipo m'timipata ta pakati pa dongo mumatsala chinyezi pang'ono. Koma khungu la mbewu ya soya yoyanikidwa padzuwa limauma nthawi yomweyo.

Kutentha kuli ndi njira yakeyake, ndipo ine imandichititsa chidwi kuposa zonse. Mabakiteriyawa amakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30. Kukatentha kwambiri amafunika mapuloteni apadera, monga GroEL ndi DnaK, amene ntchito yawo ndi kuwongola mapuloteni anzawo opindika, ndipo ambiri mwa majini ake amatsegulidwa ndi puloteni yotsogolera yotchedwa RpoH. Koma mwa bakiteriya wa soya asayansi a ku Zürich anapezamo chinthu china chimene anachitcha ROSE. Uthenga wochokera ku majini ena a kutentha umalembedwa, koma kumayambiriro kwake umadzipinda moti makina a m'selo opangira mapuloteni sangauwerenge. Pa madigiri 30 mfundo imeneyi imakhala yomanga; kutentha kukafika cha m'ma 40 imamasuka yokha ndipo puloteni yoteteza imayamba kupangidwa. Kutentha kwenikweniko ndi kumene kumatsegula chitetezo. Komabe chitetezochi chili ndi malire, ndipo paketi ya inokulanti imene yakhala masiku m'golosale ya malata mu Okutobala, kapena pagalimoto padzuwa, imakhala itadutsa malirewo.

Pamwamba pa njira zimenezi pali ina imene imakonzekeretsa bakiteriya ku mavuto angapo nthawi imodzi. Mwa bakiteriya wa soya imayendetsedwa ndi mapuloteni atatu: EcfG ndiye wotsegula majini, NepR amamugwira kuti asagwire ntchito, ndipo PhyR, akalandira chizindikiro cha vuto, amakoka NepR kuti EcfG amasuke. Mwa Sinorhizobium meliloti, amene amakhala kumizu ya alfalfa (mbewu yodyetsa ziweto), ntchito ya EcfG imagwiridwa ndi RpoE2. Njala yokha ikhoza kutsegula njira imeneyi, ndipo apa ndi pamene pali yankho lenileni la alimi anu. Bakiteriya amene watsala m'dothi soya atakololedwa amasowa chakudya, amasiya kuswana, ndipo njalayo imamulimbitsa kuuma ndi kutentha zisanafike. Ngakhale zili choncho, ambiri amafa ndithu m'chilimwe. Amene amatsala ndi ochepa, koma ochepawo amaswananso mvula ikagwa ndipo mizu ikayamba kutulutsa chakudya.

Za dothi la asidi ndingonena mwachidule kuti nalonso lili ndi majini ake, monga actS ndi actR, amene anafufuzidwa kwambiri ku Murdoch University ku Australia: woyamba amazindikira mmene zinthu zilili kunja kwa selo, wachiwiri amatsegula majini oyenera.

Musaganize kuti bakiteriya akalowa mumzu ndiye kuti wapumula. Chomera chimamulandira ndi mankhwala oyabwa, monga hydrogen peroxide, amene chimagwiritsanso ntchito polimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo iye amayenera kuwasungunula ndi mapuloteni ochokera ku majini monga katA, katB ndi katC. M'kati mwa kam'bulu okosijeni amakhala wochepa kwambiri, chifukwa puloteni imene imagwira nayitrojeni wa mumpweya imaonongeka ikakumana ndi okosijeni. Majini ogwirira nayitrojeniwo satseguka mpaka mapuloteni otchedwa FixL ndi FixJ atazindikira kuti okosijeni watsika. Pamene asayansi anaononga rpoH1, limodzi mwa majini opangira RpoH uja, mwa bakiteriya wa alfalfa, timibulu tinapangika koma sitinathe kupereka nayitrojeni moyenera. Ndiye kuti majini a kupirira ndi mbali ya ntchito yomwe mlimi amafuna, osati chinthu chapadera.

Mitundu ya mabakiteriyawa imasiyananso mphamvu. Rhizobium tropici wotchedwa CIAT 899, amene anapezeka ku Colombia, amapirira kutentha ndi asidi kuposa anzake ambiri a kumizu ya nyemba, n'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito popanga inokulanti wa nyemba ku Brazil ndi m'maiko ena otentha. Ku Mexico ofufuza anawonjezera mphamvu ya otsA mwa Rhizobium etli, ndipo nyemba zimene zinalandira bakiteriyayo zinapirira bwino kusowa kwa madzi. Ntchito zotere n'zofunika, koma ine ndimakhulupirira kuti kwathu kuno njira yoyandikira ndi kufufuza mabakiteriya amene ali kale m'nthaka yathu, amene apyola m'zilimwe zosawerengeka, n'kusankhamo amene amaperekanso nayitrojeni wochuluka. Soya wa Magoye ku Zambia ndi wa Tikolore ku Malawi amatha kupanga timibulu ndi mabakiteriya a m'dothi momwemo, ngakhale kuti nawonso kawirikawiri amapindula akapatsidwa inokulanti wabwino, chifukwa bakiteriya wopirira sikuti nthawi zonse ndiye wogwira ntchito kwambiri.

Choncho, Mayi, malangizo amene mumapereka ndi olondola, ndipo muwapitirize pamodzi ndi chifukwa chake. Paketi isungidwe pamalo ozizira ndipo tsiku lake lothera ntchito lionedwe. Mbewu isakanizidwe pamthunzi, yokwanira kubzala tsiku limenelo, ndipo ibzalidwe m'dothi la chinyezi n'kukwiriridwa msanga. Kubzala pouma podikira mvula kumasiya mabakiteriya m'dothi lapamwamba lotentha popanda mpata wokonzekera. Soya akayandikira kuchita maluwa, alimi akumbe mbewu zingapo mosamala n'kudula timibulu. Tikakhala tofiirira m'kati ndiye kuti mabakiteriya anapulumuka ndipo akugwira ntchito. Tikakhala tochepa kapena toyera m'kati pomwe kasamalidwe kanali koyenera, yang'anani kudothi, makamaka asidi ndi kuchepa kwa fosiforasi, kapena feteleza wa nayitrojeni wochuluka amene amalepheretsa chomera kupanga timibulu.