Bambo ali ndi vuto la mtima, apatsidwanso mankhwala a depression: amwe kapena ayi?

Imelo ya lero yachokera kwa mayi wina amene akudwazika bambo ake. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Achimwene, bambo anga ali ndi zaka 67. Miyezi 8 yapitayo mtsempha wa mtima unatsekeka, anagonekedwa m'chipatala koma anapulumuka. Chitulukireni sadya bwino, tulo sabwera, amangokhala duu kuyang'ana khoma. Adokotala ati ndi depression, matenda a kukhumudwa kwambiri, ndipo awapatsa mapiritsi a sertraline. Nditawerenga kapepala ka m'bokosi ndinaona mawu onena za kugunda kwa mtima, ndiye mapiritsiwo ndawabisa. Amayi amamwa amitriptyline chifukwa cha kutentha kwa mapazi, ndipo amawagonetsa bwino. Kodi bambo sangamamweko amenewo, poti tinawazolowera kale? Amamwanso aspirin ndi mankhwala okodzetsa a BP."

Achemwali, ndiyambe ndi chimene chandiimitsa mutu: amitriptyline wa amayiyo bambo asamulawe n'komwe. Pa mitundu iwiri mwatchulayi, mankhwala amene mwabisawo ndiwo ofatsa ku mtima, ndipo amene mukuwadalirawo ndiwo oopsa kwa munthu ngati bambo anu.

Mtima sugunda mwachisawawa. Pali mphamvu yonga magetsi imene imayenda m'minofu yake n'kumauuza nthawi yofinya ndi nthawi yopuma. Amitriptyline ali m'gulu lakale la ma tricyclic, limene linayamba ndi imipramine m'zaka za m'ma 1950. Gulu limeneli limachedwetsa kayendedwe ka magetsi aja. Kwa munthu wa mtima wabwinobwino amene akumwa mlingo wochepa, ngati amayi, nthawi zambiri sipakhala vuto. Koma mtima umene unavulalapo uli ndi chipsera, ndipo pachipsera magetsi amayenda movutikira kale. Mukawachedwetsanso, kagundidwe kakhoza kusokonekera. Mankhwala omwewa amathamangitsa mtima, komanso amagwetsa BP munthu akamadzuka. Taganizirani bambo akudzuka usiku kupita kukataya madzi, poti amamwa zokodzetsa: aima, maso achita mdima, miyendo yalefuka, ali pansi khu! N'chifukwa chake madokotala amapewa gulu limeneli kwa amene mtsempha wa mtima unawatsekekapo.

Sertraline ndi wa gulu lina, la ma SSRI, ndipo anayesedwa pa anthu ofanana ndendende ndi bambo anu. Mu 2002 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa SADHART. Anatenga odwala 369 amene anali atangodwala kumene mtima komanso anali ndi depression. Ena anapatsidwa sertraline, ena mapiritsi opanda mankhwala, kwa milungu 24. Mphamvu ya mtima yopopa magazi ndi kagundidwe kake sizinasiyane pakati pa magulu awiriwa. Kunena zoona, pa nkhani yochiza maganizo phindu linaoneka bwino makamaka kwa amene matenda awo anali aakulu kapena obwerezabwereza, osati kwa onse. Koma funso lanu ndi la mtima, ndipo pamenepo yankho linali lomveka. Adokotala aja sanangotola botolo limene linali pafupi.

Nanga kapepala kaja? Lamulo limakakamiza opanga mankhwala kulemba chilichonse chimene chinaonekapo, chofala ndi chosowa chomwe. Mutawerenga ka aspirin amene bambo amameza m'mawa uliwonse, nayenso mukhoza kumuponya pansi pa bedi.

Sikuti ma SSRI onse ndi amodzi ayi. Amene amatchulidwa kwambiri pa nkhani ya mtima ndi citalopram. Mtima ukagunda umafuna kanthawi kokonzekera kugunda kwina, ndipo pa pepala la ECG, loonetsa kayendedwe ka magetsi a mtima, kanthawi kameneka amakayeza ndi mpata wotchedwa QT. Citalopram amatalikitsa mpatawu, ndipo mlingo ukamakwera mpatanso umakula. Ukatalika kwambiri, mtima ukhoza kuyamba kuphiriphitha m'malo mopopa, munthu n'kukomoka. Mu 2011 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza kuti citalopram asapitirire 40 mg patsiku, ndipo mu 2012 linati kwa opitirira zaka 60 malire ndi 20 mg. M'bale wake escitalopram amachitanso zomwezo. Ngoziyi imakula potaziyamu kapena magineziyamu akachepa m'magazi, monga munthu akatsekula m'mimba, akamasanza, kapena akamamwa zokodzetsa. Imakulanso akaphatikiza mankhwala ena otalikitsa QT, monga erythromycin, azithromycin, quinine ndi haloperidol. Pali venlafaxine, mankhwala a depression a gulu lina, amene amakweza BP mlingo ukakula. Ma SSRI otchedwa fluoxetine ndi paroxetine amachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwala a mtima otchedwa metoprolol m'thupi, moti mtima ukhoza kugunda pang'onopang'ono kuposa mmene adokotala amafunira. Mirtazapine, wa gulu linanso, sasautsa mtima kwenikweni, koma amakulitsa chilakolako cha chakudya ndipo ambiri amanenepa.

Tsopano zimene muyenera kuyang'anira pa sertraline, chifukwa zilipo ziwiri, ndipo zonse mwazitchula nokha osadziwa. Choyamba ndi aspirin. Timaselo timene timaundanitsa magazi pabala timagwiritsa ntchito serotonin, mankhwala achilengedwe a m'thupi, ndipo ma SSRI amachepetsa serotonin amene timaseloti timasunga. Aspirin naye amatifooketsa mwa njira ina. Ziwirizi zikakumana, mpata wotaya magazi m'mimba umakwera. Izi sizikutanthauza kuti asiye aspirin, ameneyo ndiye akulondera mtsempha uja. Ingouzani adokotala ngati bambo anavutikapo ndi zilonda zam'mimba, mwina awonjezera mankhwala oteteza m'mimba. Bondo likawawa asathamangire ibuprofen kapena diclofenac. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena masanzi a magazi, musadikire kuti kuche.

Chachiwiri ndi zokodzetsa zija. Kwa achikulire, sertraline akhoza kutsitsa mchere wa sodiyamu m'magazi, makamaka milungu yoyambirira, ndipo zokodzetsa zimakokera komweko. Zizindikiro zake n'zonyenga: kufooka, mutu, nseru, kuyankha zosagwirizana ndi funso. Pakhomo mukhoza kungoti ndi ukalamba, pamene kuyeza magazi kamodzi kukanaulula.

Pali mbali imene kapepala kaja sikanena, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu. Depression payokha imadya mtima. Mwa anthu asanu amene mtsempha wa mtima unawatsekeka, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi depression yeniyeni. Mu 1993 ofufuza a ku Montreal, ku Canada, anatsatira odwala 222 otere, ndipo anapeza kuti amene anali ndi depression ankamwalira kwambiri m'miyezi 6 yoyamba kuposa anzawo. Mu 2014 bungwe la American Heart Association linavomereza kuti depression iziwerengedwa m'gulu la zinthu zoipitsa tsogolo la wodwala mtima. Zifukwa zina n'za m'thupi, monga mahomoni a nkhawa amene sapatsa mtima mpumulo. Zina mukuziona ndi maso: munthu woyang'ana khoma samayenda, samadya, amaiwala mapiritsi a BP, ndipo tsiku la sikelo ya mtima likafika amati zisiyeni. Ku South Korea, kafukufuku wa 2018 anatsatira odwala mtima 300 kwa zaka pafupifupi 8, ndipo amene depression yawo inachizidwa ndi escitalopram anakumana ndi mavuto aakulu a mtima ochepa kuposa amene analandira mapiritsi opanda mankhwala.

Ndiye tulutsani bokosi lija. Ngati mtima wanu sunakhazikikebe, sonkhanitsani mankhwala onse a bambo m'thumba limodzi, ngakhale azitsamba, mupite nawo kwa adokotala, muwauze mosabisa kuti sanayambe kumwa, ndipo mufunse za ECG ndi kuyeza mchere wa m'magazi. Akayamba, musayembekeze kusintha mawa: zimatenga milungu iwiri mpaka 6, ndipo tulo ndi njala nthawi zambiri zimabwerera nkhope isanawale. Asadzasiye mwadzidzidzi akadzamva bwino. Akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha limodzi ndi chizungulire, thamangirani kuchipatala.

Ndipo pamalo pamene munabisa sertraline paja, ikanipo amitriptyline wa amayi, muziwapatsa nokha madzulo. Mapiritsi amenewa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, ndipo m'nyumba muli munthu amene maganizo amulemera. Muwafunsenso bambo poyera, mofatsa, ngati amaganizapo zodzipha. Akavomera, adokotala amve tsiku lomwelo.