Abubakar Shekau: m'mene anakwerera ndi chimene chinamugwetsa

Achimwene, mwafunsa kuti Abubakar Shekau, mtsogoleri wa gulu la zigawenga la Boko Haram ku Nigeria, anali ndani, komanso zinatheka bwanji kuti asilikali a Nigeria amusake zaka 11 osamugwira, mapeto ake n'kugwetsedwa ndi zigawenga zinzake. Mafunso awiriwa ndi olumikizana.

Shekau anali wa mtundu wa Kanuri, wobadwira m'mudzi wa Shekau m'chigawo cha Yobe, kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria. Ali mnyamata anapita ku Maiduguri, likulu la chigawo cha Borno, kukaphunzira Kurani. Kumeneko anakumana ndi Mohammed Yusuf, mlaliki wodziwa kukopa anthu, amene ankaphunzitsa kuti sukulu zachizungu ndi ntchito za m'boma ndi haramu, kutanthauza zoletsedwa m'Chisilamu. Dzina loti Boko Haram anawapatsa ndi anthu, m'Chihausa, potengera chiphunzitso chimenechi. Shekau anakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa Yusuf.

Moto unabuka mu 2009, ndipo unayambira pa nkhani ya zipewa za okwera njinga zamoto. Mu Juni achitetezo anaimitsa anthu a gululi akupita kumaliro chifukwa sanavale zipewazo, n'kuwombera ena mwa iwo. Pa 26 Julayi gululo linaukira apolisi, kuyambira ku Bauchi, ndipo m'masiku ochepa anthu oposa 700 anafa. Asilikali anagwira Yusuf wamoyo n'kumupereka kupolisi, koma pa 30 Julayi apolisi anamuwombera asanaonekere kukhoti. Apa ndi pamene boma linalakwitsa kwambiri. Yusuf anali munthu woti akanazengedwa mlandu anthu akuona, bodza lake n'kuyalutsidwa. Pomupha choncho, boma linapatsa otsatira ake chifukwa chobwezera, mpando n'kugwera kwa munthu wouma mtima kuposa onse.

Boma linkaganiza kuti Shekau nayenso anafa, koma mu 2010 anatulukira pa vidiyo ali mtsogoleri. Mu Sepitembala chaka chomwecho anathyola ndende ya Bauchi n'kutulutsa akaidi oposa 700. Mu Ogasiti 2011 anaphulitsa ofesi ya United Nations ku Abuja, ndipo mu Januwale 2012 anapha anthu oposa 180 ku Kano tsiku limodzi. Mu 2013 dziko la America linalonjeza madola 7 miliyoni kwa amene angaulule komwe ali.

Tsono asilikali ankamulephera bwanji? Mu Meyi 2013 Pulezidenti Goodluck Jonathan anakhwimitsa chitetezo ku Borno, Yobe ndi Adamawa, ndipo anyamata a mu Maiduguri otchedwa Civilian JTF anayamba kuloza zigawenga zimene ankazidziwa m'makomo. Izi zinathamangitsa gululi m'tauni, koma linakabisala m'nkhalango ya Sambisa, imene kale inali malo osungirako nyama. Ndi tchire la minga, galimoto sizidutsa bwino nthawi ya dzinja, njira zake anakwiriramo mabomba, ndipo mapiri a Mandara a m'malire ndi Cameroon ali pafupi pothawira. Mfuti zambiri ankalanda kwa asilikali omwewo. Ndalama zinkachokera kothyola mabanki, kuba ng'ombe ndi dipo la anthu obedwa. Anthu omenya nkhondo ena ankalowa okha, ena ankakopedwa ndi ngongole za mpamba wa geni, enanso anali ana ogwidwa m'midzi.

Mbali inayo, asilikali anali ndi mavuto awo. Mu Meyi 2014 ena anawombera galimoto ya mkulu wawo ku Maiduguri chifukwa chokwiya ndi imfa za anzawo. Mu 2015 Sambo Dasuki, amene anali mlangizi wa pulezidenti pa chitetezo, anamangidwa pa mlandu wokhudza madola pafupifupi 2 biliyoni ogulira zida. Onjezanipo kumanga ndi kupha anthu osalakwa, kumene kunachititsa anthu a m'midzi kuopa msilikali ngati m'mene amaopera chigawenga. Munthu wotero sangakuuze komwe mdani wagona. Boma linalengezanso kangapo kuti Shekau wafa, iye n'kutulukanso pa vidiyo akuseka, mpaka anthu anasiya kukhulupirira zolengeza za boma.

Chaka cha 2014 ndi chimene anafika pachimake. Mu Febuluwale anapha ana asukulu aamuna 59 ku Buni Yadi. Usiku wa pa 14 Epulo anaba atsikana 276 pasukulu ya Chibok. Mu Ogasiti analanda tauni ya Gwoza n'kuilengeza kuti ili pansi pa ulamuliro wake. Kumayambiriro kwa 2015 asilikali a Nigeria, Chad, Niger ndi Cameroon anamulanda matauni ambiri, ndipo mu Malichi iye analumbira kuti ali pansi pa Abu Bakr al-Baghdadi, mtsogoleri wa Islamic State, gulu la zigawenga la ku Iraq ndi Syria. Ankafuna thandizo, koma anadziitanira bwana woti akhoza kumuchotsa pampando.

Chimene chinamudya ndi ichi. Shekau ankati Msilamu aliyense wokhala m'dera lolamulidwa ndi boma ndi wosakhulupirira, woyenera kuphedwa. N'chifukwa chake ankaphulitsa mizikiti, misika ndi misasa ya othawa nkhondo, nthawi zambiri pomangirira mabomba pa atsikana ang'onoang'ono. Amene amayesa nkhondoyi ya Asilamu ndi Akhristu aziona pamenepa, chifukwa Asilamu a ku Borno ndi Yobe analira maliro osawerengeka. Ankaphanso akuluakulu a gulu lake akamutsutsa. Mu Ogasiti 2016 Islamic State inamuchotsa n'kuika Abu Musab al-Barnawi, mwana wa Yusuf uja. Shekau anakana, gulu linagawanika. A al-Barnawi, otchedwa ISWAP (nthambi ya Islamic State kuzambwe kwa Africa), anapita kuzilumba za nyanja ya Chad, komwe ankadula msonkho kwa asodzi ndi oweta ng'ombe n'kumalimbana makamaka ndi asilikali. Musawayese anthu abwino, nawonso ndi akupha, koma njira yawo inawapatsa ndalama ndi anthu, pamene Shekau ankadya zolanda kwa alimi amene ankawapha. Mu Novembala 2020 anthu ake anapha alimi a mpunga osachepera 43 kufupi ndi Zabarmari.

Mu Meyi 2021 ISWAP inalowa mu Sambisa. Inkadziwa njira zonse, poti ambiri mwa anthu ake anachokera momwemo, ndipo ena mwa anthu a Shekau anamutembenukira. Atapanikizidwa kuti agonje, anadziphulitsa ndi bomba cha pa 19 Meyi. M'miyezi yotsatira anthu zikwizikwi, zigawenga ndi mabanja awo, anatuluka m'tchire kukadzipereka kwa asilikali. Otsala anasonkhana pansi pa Bakura Doro kunyanja ya Chad, n'kupitiriza kulimbana ndi ISWAP ndi boma. Bungwe la United Nations loona za chitukuko, la UNDP, linati pofika kumapeto kwa 2020 nkhondoyi inali itapha anthu pafupifupi 350,000, ambiri mwa iwo chifukwa cha njala ndi matenda, makamaka ana aang'ono. Pofika 2024, atsikana a ku Chibok oposa 80 anali asanabwerere kwa makolo awo.