Kodi munthu wogwidwa ndi katundu asanafike pa malire walakwa kale?

FUNSO: Ndimagula chimanga m'midzi n'kumakagulitsa kwina. Boma likaletsa kutulutsa mbewu kunja, apolisi amagwira malole ngakhale akadali kutali ndi malire. Kodi kuli makhoti amene anagamulapo nkhani yotere? Wowerenga wa ku Mchinji.

YANKHO: Zigamulo zodziwika bwino pa nkhaniyi zinachokera ku Khoti Lalikulu la India, pansi pa lamulo la Essential Commodities Act la 1955, limene limapatsa boma mphamvu zoyang'anira kagulitsidwe ndi kayendedwe ka chakudya, feteleza ndi katundu wina wofunika. Zigamulozi sizimanga makhoti a ku Malawi, koma oweruza athu angathe kuziganizira, popeza malamulo a maiko awiriwa anachokera ku malamulo a ku England.

Mu 1968, pa mlandu wa Malkiat Singh, lole yonyamula mpunga wosapuntha inaimitsidwa pa chipata cha Samalkha, mamailosi 32 kuchokera ku Delhi, pa nthawi imene kutulutsa mpunga m'chigawo cha Punjab popanda chilolezo kunali koletsedwa. Khotilo linamasula oimbidwa mlanduwo, ponena kuti iwo anali akungokonzekera, ndipo dalaivala akanatha kusintha maganizo n'kubwerera asanafike pa malire.

Komatu musadalire chigamulo chimenechi chokha. Mu 1989, pa mlandu wa Narayan Singh, malole onyamula feteleza kuchokera mumzinda wa Indore kupita ku chigawo china chotchedwa Maharashtra anagwidwa pa chipata cha Sendhwa, kufupi ndi malire, ndipo khoti lomwelo linagamula kuti kupakira matumba ndi kuyamba ulendo wopanda chilolezo kunali kuyesa kuswa lamulo, osati kukonzekera chabe. Chodzitetezera chakuti madalaivala sankadziwa za chiletsocho chinakanidwa, chifukwa mu 1967 Nyumba ya Malamulo ya India inali itasintha gawo 7 la lamulo la Essential Commodities Act kuti munthu azilangidwa kaya wachita modziwa kapena ayi. Kusinthaku kunabwera khoti litamasula Nathulal mu 1965, wamalonda wa ku Dhar amene anasunga tirigu akukhulupirira kuti laisensi imene anailipirira inali itatuluka kale.

Kwa inu bambo, chofunika kwambiri ndi mawu enieni a chiletso chimene boma latulutsa pansi pa lamulo la ku Malawi loyang'anira katundu la Control of Goods Act. Loya wanu aone ngati chikutchulanso kuyesa kutulutsa katundu, ndiponso ngati mapepala a lole akusonyeza kuti chimangacho chimapita ku msika wa m'dziko muno.