Mwendo umodzi watupa atangotsika basi ya ku Joni

Imelo ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Amuna awo abwera kuchokera ku Joni pa basi, ndipo patangotha masiku atatu mwendo wakumanzere watupa kuyambira m'katumba mpaka pabondo, ukutentha, akaponda pansi ukuwawa. Apongozi awo akuti mwana wawo waponda mankhwala omwe ansanje anatchera pakhomo, ndiye akufuna akatemedwe mphini. Mayiwa akufunsa ngati awathowe ndi madzi otentha kapena adikire mwendowo uphwe wokha.

Mayi, ndinakuyankhani kale mwachidule usiku womwewo kuti musawathowe, musawatikite, pitani nawo kuchipatala. Lero ndifotokoze chifukwa chake.

Mwendo sindingauyeze pa imelo, koma zimene mwanenazi zikufanana kwambiri ndi matenda omwe madokotala amati DVT, kuundana kwa magazi m'mitsempha ikuluikulu ya mkati mwa mwendo. Magazi akafika kuphazi amayenera kukwera mtunda kubwerera kumtima, ndipo chimawakankha ndi minofu ya m'katumba munthu akamayenda. Ndiye taganizirani bambowo: tsiku lonse, usiku wonse, kukacha akadali pampando, mawondo atapinda, chikwama chili pamapazi, madzi akuopa kumwa poti basi siima pafupipafupi. Magazi amadekha ngati madzi a m'thamanda, kenako amagwirana n'kupanga chibuluma chomwe chimatseka njira. Kungokhala pamalo amodzi maola oposa 4 kumawonjezera kale chiopsezo, nanga ulendo wa ku Joni?

Si apaulendo okha. Vutoli limagwiranso munthu amene wagona pamphasa nthawi yaitali chifukwa chodwala, wochitidwa opaleshoni, wothyoka mwendo n'kuikidwa chikhakha, mayi woyembekezera komanso amene wabereka m'masabata 6 apitawa, ndi amayi ena omwa mapiritsi olera okhala ndi mankhwala otchedwa estrogen. Khansa, TB ndi HIV nazonso zimachititsa magazi kuundana msanga. Ngati bambowo ali ndi limodzi la matenda amenewa, adokotala auzidwe, musabise.

Chimene ndikukanizira kutikita ndi ichi. Chibulumacho chikhoza kubenthuka, chidutswa n'kuyenda ndi magazi, kudutsa mumtima, kukatsakamira m'mapapo. Apo ndiye munthu amayamba befu mwadzidzidzi, pachifuwa kubaya akamapuma, mtima kuthamanga, nthawi zina kutsokomola magazi kapena kukomoka. Anthu amafa nazo izi, ena ali m'kati mocheza pakhonde, n'chifukwa chake m'mudzi zimathera kwa asing'anga ndi kulozana zala. Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, kaya ndi pakati pausiku, pezani galimoto muthamange ku chipatala cha boma ku Salima.

Kuchipatalako amayamba ndi mafunso, kenako tepi ngati ya atelala. Amayeza akatumba onse awiri pamalo ofanana, pafupifupi masentimita 10 kunsi kwa bondo, ndipo wotupawo ukaposa unzake ndi masentimita oposa 3, amakayikira kwambiri. Kutupa mwendo umodzi n'kofunika pano. Miyendo yonse iwiri ikatupa, kawirikawiri amaganizira za mtima, impso kapena chiwindi. Chotsimikizira ndi sikani, makina omwe aja amaunikira amayi apakati. Woyezayo amadinikiza mtsempha ndi kachipangizo kake: mtsempha wabwino umaphwatalala, wokhala ndi chibuluma umakana. Palinso kuyeza magazi kotchedwa D-dimer, koma kumathandiza makamaka kutsimikizira kuti vutoli palibe. Zina zikakhala kuti sizikutheka pamenepo, akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mankhwala ake anthu timangoti osungunula magazi, ngakhale kunena zoona sasungunula chibulumacho. Amaletsa kuti chisakule komanso kuti china chisapangike, thupi lokha n'kumachigumula pang'onopang'ono. Kawirikawiri amayamba ndi jakisoni wa heparin kapena enoxaparin, pamodzi ndi mapiritsi a warfarin, omwe amatenga masiku angapo kuti agwire. Alipo ena atsopano monga rivaroxaban osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, koma mtengo wake ndi wokwera. Alionse mwa amenewa amamwedwa miyezi yosachepera itatu, ngakhale mwendo utaphwa sabata yachiwiri.

Warfarin ndi wovuta kumusamala, ndipo apa ndi pomwe inuyo mayi muli ndi ntchito. Amafuna kuyezetsa magazi kotchedwa INR, ndipo nambala yake izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi aundananso. Ikakwera, munthu amatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno, mumkodzo, kapena chimbudzi chimada bii. Masamba monga bonongwe, mpiru, nkhwani ndi chisoso ali ndi vitamini K yemwe amafooketsa warfarin. Sindikuti asiye masamba ayi, nsima adyera chiyani? Koma azidya mlingo wofanana masiku onse, osati sabata ino usipa wokhawokha, sabata yamawa nkhwani zotendera m'mawa ndi madzulo. Mowa aupewe. Aspirin, Brufen ndi diclofenac za pagolosale asamwe. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa kwambiri mphamvu ya warfarin, ndipo mayi woyembekezera sapatsidwa warfarin chifukwa amawononga mwana m'mimba. Iye amabayidwa jakisoni.

Za apongozi anu, sindikuwanyoza, akuchita mantha ndi mwana wawo. Koma lumo pamwendo wotupa limabweretsa chilonda chovuta kupola, ndipo bambowo akayamba mankhwalawa mphini imodzi ikhoza kuchucha magazi osaleka. Musakangane nawo, atengeni akakhale pompo pamene sikani ikuchitika, adzionere okha mtsemphawo.

Tsiku lobwerera ku Joni likadzafika, ayambe afunsa adokotala ngati nthawi yakwana. M'basimo azivinitsa mapazi, azimwa madzi, ndipo paliponse pomwe yaima, kaya ndi pa Mwanza kaya pa Beitbridge, azitsika n'kuyendayenda.