Musapereke ndalamayo musanamve zimene zinandichitikira ine

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba, zoti wa nyumba imene muli shopu yanu akufuna mupereke lendi yapatsogolo kuti akonze nyumbayo, thupi lonse lachita tsembwe, mpaka ndaphula nyemba pamoto kuti ndikuyankheni. Mawu akuti tulukani kaye miyezi itatu tikonze nyumba, mukapereka lendi ya miyezi 6 panopa shopu yapansi idzakhala yanu, ine ndinawamva ndi makutu angawa m'tauni ya Mzuzu momwe muno mu 2023. Mawu ake omwewo ndithu, ngati amachita kuphunzitsana.

Lesitilanti yanga inali cha kuseri kwa depoti. Ena muno munadyamo, koma nyumba yake sinditchula. Ndinatsegula mu 2011, kutatsala miyezi iwiri kuti kuchitike zionetsero zija za pa 20 Julayi, tsiku limene ine ndi atsikana anga tinabisala kukhitchini utsi wokhetsa misozi ukulowera pazenera. Zimenezo ndinapirira. Kugwa kwa kwacha mu 2012 ndinapirira. Covid ndinapirira. Zaka 12 pamalo amodzi. Ine kwathu ndi ku Dedza, nsima ya kondowole sindinkaidziwa n'komwe, anandiphunzitsa ndi makasitomala a ku Nkhata Bay mpaka ndinafika poiphika iwo eni n'kumayamikira. Mpunga wa Kilombero ndinkaoda kwa amayi a ku Karonga, nsomba za batala ndi usipa zinkabwera m'mawa kuchokera kunyanja, Lachisanu lililonse kunali mbalagha. Madalaivala ndi makondakitala a minibasi za ku Rumphi, ku Mzimba ndi ku Karonga, amayi a kumsika wa Taifa, anyamata a kabaza wa njinga zakapalasa amene kuno timati Sacramento, anthu a m'maofesi, onsewo ankakhala benchi limodzi.

Mwini nyumba weniweni anali bambo wachikulire, munthu wa Mulungu. Mwezi ukatha ankabwera yekha ndi kope lake, n'kudya kaye, kenako n'kulandira K120,000 yake. Mu 2020 zinthu zitaima anandikhululukira miyezi iwiri osandifunsa n'komwe. Anamwalira mu 2021, ndipo pamaliro awo ndinakaphika nawo masiku atatu osalandira kanthu. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti banja limenelo ndinkalitenga ngati abale anga.

Mwana wawo wamwamuna anatulukira mu Marichi 2023, galimoto yabwino, chithunzi cha nyumba yosanja ali nacho mufoni. Ankanditchula kuti amayi. Akuti amayi, inu mwatilera, simungachoke pano, shopu yapakona ndi yanu, mudzakhala ndi matailosi ndi sinki yabwino. Lendi yatsopano K200,000, ndipereke ya miyezi 6 kuti ithandizire kugula simenti, ntchito idzayamba kumapeto kwa Ogasiti, andiuza kukadali mwezi wathunthu. Ndinatenga K700,000 yanga ya mpamba, K500,000 ndinakongola ku banki m'khonde. Anandilembera pakapepala kong'amba m'kope kuti walandira K1,200,000 ya lendi, n'kusayina. Basi. Panalibe mboni, panalibe tsiku lotulukira kapena lobwerera, panalibe nambala ya shopu. Ndinakapinda kapepalako n'kukaika m'Baibulo, mtima uli m'malo.

Linali Lachiwiri, mu Juni, osati Ogasiti. Mukukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mwezi umenewo, ndi kamvula kowaza kaja kosaleka. Sabata imeneyo ndinali ndi oda yaikulu, anthu 70 a maphunziro pa holo ya tchalitchi china, masiku atatu, theka la ndalama atapereka kale. Dzulo lake ndinali nditagula matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50, thumba la ufa woyera, nkhuku 15 zalokolo, nyama ya ng'ombe ndi batala, filiza itadzaza mpaka pakamwa. Ndinatseka 8 koloko usiku, palibe anandiuza kanthu.

Ndinatsika njinga yamoto 5 koloko m'mawa kuchokera ku Chibavi, ndipo poyamba ndinaganiza kuti wakabaza wandisiya pamalo olakwika. Nyumba yonse yazunguliridwa ndi mpanda wamalata atsopano, khomo langa losaoneka. M'katimo mukumveka hamala. Nditazungulira kumbuyo ndinapeza loko wathyoledwa, denga achotsa kale theka, mawaya amagetsi akulendewera. Katundu wanga yense amuunjika panja m'mbali mwa ngalande, osafunditsa ngakhale pepala. Ufa unali utasanduka phala m'thumba momwemo. Mpunga utanyowa, thumba lina litang'ambika, ukukhuthukira m'matope. Kabati yagalasi ija ndinkaikamo mandasi ndi samusa itasweka, mbale zadothi zili mbee pansi zidutswazidutswa. Filiza anaigoneka cham'mbali, madzi ofiira akudontha pachitseko. Layisensi yanga ya khonsolo, imene ndinali nditangolipira, ili chafufumimba m'thope ndi felemu yake.

Koma chimene chinandithyola mawondo ndi kope la ngongole. Amene mumaphika mukudziwa, anthu a m'maofesi ndi a minibasi amadya n'kulembetsa, kulipira mwezi ukatha. Kopelo ndinalitola m'madzi. Masamba atamatirirana, inki itasungunuka, dzina ndi limodzi lomwe losawerengeka. Ndalama yopitirira K300,000 inali m'menemo, ndipo kunali kutatsala masiku ochepa kuti anthu alandire.

Kapitawo wa omangawo sanandiyang'ane kumaso. Akuti mayi, ife tangotumidwa, anatiuza kuti muno mulibe munthu. Mulibe munthu! Ine zaka 12 ndikukolezera moto pamenepo. Ndinamuimbira mnyamata uja ka 14, osayankha. Atayankha cha m'ma 7 koloko, mawu ake ali aulesi ngati ndamudzutsa, akuti amayi mumvetse, kontirakitala wapezeka msanga ndipo simenti ikukwera tsiku ndi tsiku, nanga ndalama yanu si ili bwinobwino? Pepani sananene. Mpaka lero sananenepo.

Ndinakhala pa sefuliya yovundikira n'kulira mokweza ngati pamaliro, anthu opita kuntchito akundiyang'ana. Atsikana anga anayi atangoima, manja ali m'khosi. Mayi wina wogulitsa masamba, woti sindinkacheza naye n'komwe, anavula chitenje chake n'kundifunditsa, akuti phepani mama, khwimani mtima. Kondakitala wina amene anali ndi ngongole yanga anaitana anzake, ananyamula filiza pamapewa mpaka kubutchala ya mnzawo kukailumikiza kumagetsi. Anthu osauka ndi amene anandithandiza tsiku limenelo. Oda ija ndinakaphikira kunyumba pamafuwa, nkhuni zili zonyowa, mpunga wogula wina pamtengo wa pamsika. Chakudya chinafika 3 koloko m'malo mwa 12. Masiku awiri otsalawo anapatsa munthu wina ndipo ndinabweza ndalama yawo. Sindiwadandaula, anthu anali ndi njala.

Miyezi itatu ija inasanduka miyezi 14. Pakati pakepo, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ija ya mu Meyi 2022, ndipo chilichonse chinakwera, mafuta ophikira, makala, shuga. Ine ndikubweza ngongole ya banki m'khonde ndi chiwongoladzanja chake mwezi ndi mwezi, geni palibe. Atsikana atatu ndinawauza kuti apite kwawo, mmodzi ali ndi mwana wakhanda. Nyumba itatha ndinapita ndi kapepala kanga. Amene anandilandira ndi mlongo wake wa mnyamata uja, woti sindinamuonepo chiyambire pamaliro. Anakayang'ana kapepalako n'kundibwezera, akuti ichi ife sitikuchidziwa, nyumbayi ndi ya ana tonse, iyeyo analibe mphamvu yolandira ndalama yekha. Kenako akuti lendi ndi K600,000, ndiponso zophikaphika sitikuzifuna, utsi udetsa penti ndi siling'i. Shopu yapakona ija anali ataipereka kale kwa wogulitsa mafoni.

Mnyamata uja ndi wakuba, ndilibe mawu ena omutchulira. Wakuba wovala bwino, wodziwa kunena kuti amayi. Anadya nsima yanga ali pasukulu, bambo ake akumutuma nthawi zina kudzatenga lendi, ndinkamuwonjezera nyama m'mbale. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti nyumba yamagalasi salowetsamo mbaula. Ankangofuna ndalama yanga ya simenti, ngongole yopanda chiwongoladzanja yochokera kwa mayi wophika nsima. Anandibwezera monyenyanyenya, lero K200,000 pa foni, patapita miyezi iwiri K150,000, zonse pamodzi K850,000, ndalama yoti pofika nthawiyo sikanagulanso ngakhale theka la zimene ikanagula nditaipereka. Yotsalayo foni yake siipezekanso. Ndimakumana naye m'tauni, amatembenukira kumbali.

Musandimve molakwa abale, ine sindidana ndi chitukuko. Mzuzu inakhala mzinda mu 1985, pakalembera wa 2018 tinali anthu oposa 220,000, sitingakhalebe m'timashopu takale todontha tija. Shoprite itatsegulidwa tonse tinasangalala, tinkapita kukajambulitsa. PTC tinkaiona ngati sidzatha, lero ili kuti? Zinthu zimasintha. Koma tayang'anani bwino zimene zimalowa m'nyumba zatsopanozi. Mafoni, zovala za ku Dar es Salaam, mankhwala, zipangizo zomangira, malo obetchera mpira. Zakudya zake ndi tchipisi ndi nkhuku m'kabokosi, mtengo wake wa Sacramento apalase tsiku lonse. Pamwamba pake zipinda zambiri zimangokhala zotseka miyezi, pepala lofuna wochita lendi lili pazenera mpaka kuyoyoka. Telala, wokonza nsapato, wometa, wophika nsima, tonse tikukankhidwira kuseri kwa msika, ku Zigwagwa ndi m'makomboni. Koma anthu odya nsima sanachoke m'tauni, alipo ndithu, 12 koloko ikakwana amayenda mtunda kusaka pokadya.

Ndiye achemwali, ndalamayo musapereke. Amene akukupemphaniyo, yomangira nyumba yake akakongole kubanki, inu si banki. Choyamba fufuzani mwini nyumba weniweni. Ngati ndi nyumba yamasiye, funsani kuti makalata oyendetsera chuma cha malemu ali ndi ndani, lamulo la chuma chamasiye la 2011 lilipo, si aliyense wobadwa m'banjamo amene angasayine. Muuzeni akuonetseni chikalata cha malowo ndi pulani yodindidwa ndi khonsolo. Papulanipo muone ngati pali khitchini, potulukira utsi ndi potayira madzi. Ngati palibe, dziwani kuti inu mulibemo, kaya akulumbirireni bwanji. Mgwirizano ulembedwe kwa loya, mukhale tsiku lotuluka, tsiku lobwerera, nambala ya shopu, lendi yake ndi zaka zimene sidzakwera, komanso zimene adzakulipireni akachedwa. Ana onse asayine. Akazemba, pitani kukhoti la majisitireti kapena ku Legal Aid Bureau, musachite manyazi. Ine sindinapite, ndinaona kuti ndingotayako nthawi ndi ndalama ya kabaza ana akugona ndi njala, komanso ndikudziwa ena amene anali ndi mapepala a kwa loya koma anatulutsidwabe. Komabe inu pitani.

Kwinaku ndikuuzeninso zoona. Malo a m'tauni musawataye mwachisawawa. Panopa ndikuphikira kunyumba ku Chibavi, maoda amabwera pa WhatsApp, mabakuli amapita panjinga yamoto m'maofesi ndi kwa ana a Mzuni ku Luwinga. Ndikudya, ana ali pasukulu, koma sindifika ngakhale theka la zimene ndinkapeza kudepoti. Makasitomala amene ndinkati ndi anga, ambiri anali a malowo, anangolowa khomo lotsatira. Mnzanga wa saluni amene tinali naye mpanda umodzi anapereka ngati ine, anadikira miyezi 14 yomweyo, anavomera lendi yokwerayo, lero ali m'nyumba yatsopanoyo ndipo walemba atsikana ena awiri. Ndiye ngati malo anuwo ali pamsewu podutsa anthu, ndipo mukuona kuti ena akuwathamangira, mwina perekani ya miyezi iwiri kapena itatu kuti asapatse wina, bola isakhale yokongola. Ine nditamva lero kuti pakona paja patseguka, ndikhoza kukagulitsa filiza n'kukapereka.

Chimodzi chokha chitani lero lomwe, musadikire mawa. Poti wayamba kale kukamba zokonza nyumba, musagonekenso katundu wambiri mushopu. Gulani za tsiku limodzi kapena awiri. Jambulani chilichonse chili m'menemo, mapoto, mipando, filiji, mita yamagetsi, zithunzizo mutumizire m'bale wanu. Tengani nambala ya mlonda wa pamenepo, muzimupatsako chakudya, kuti akangoona lole yamalata usiku akuimbireni. Ndipo kope la ngongole lizipita nanu kunyumba madzulo alionse.