Mudi akununkha kale, ndiye kafukufuku ndi wa chaninso?

Mayi ena a ku Ndirande andilembera imelo sabata yatha, funso lawo ndi loti kodi boma limaikadi ndalama pa kafukufuku wa madzi oipa, ndipo ngati limaika, phindu lake n'chani poti aliyense wodutsa pa mlatho wa mtsinje wa Mudi amatseka mphuno yekha osadikira pulofesa.

Mayi, ndaseka koma mwafunsa zoona. Vuto ndi loti mphuno siingakaime mu khoti. Fungo likuuzani kuti madzi aonongeka, koma silinena kuti izi zachokera ku fakitale iti ya ku Makata, kapena ndi paipi ya suweji yophulika, kapena ndi zimbudzi zathu zomwe timatsegulira mu mtsinje wa Nasolo mvula ikagwa (eya, nafenso tilimo). Kuti MEPA, bungwe lija linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ligwire kampani pakhosi pamafunika pepala la ku labu. Munthu atunge madzi m'botolo kumtunda kwa paipi, atungenso kumunsi, awaike mu bokosi loziziritsa (kula bokosi), athamange nawo asanatenthe, ndipo abwerenso mwezi wa mawa ndi winawo, chifukwa otaya zoipa ambiri amadikira usiku kapena tsiku la mvula.

Za ndalamazo, njira ilipo. Tili ndi NCST, bungwe la boma loona za sayansi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, ntchito yake ina ndi kupereka ndalama za kafukufuku, ndipo maiko a mu African Union anagwirizana zoika 1% ya chuma chawo pa kafukufuku, ife pakali pano sitikufikapo. Ndiye anzathu a ku mayunivesite a MUBAS ndi Mzuni amadalira kwambiri ma donor, ndipo apa m'pamene ine pamandiwawa, mwini ndalama ndi amene amasankha funso. Pulojekiti ikatha zaka zake zitatu galimoto imaima, mankhwala a mu labu ogula ndi forex atha, mtsinje uja palibenso akuuyeza.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndalama zinapezeka msangamsanga za klorini ndi matenti. Kuyeza zitsime za ku Ndirande mwezi ndi mwezi sikungafike pa mtengo umenewo olo pang'ono.

Ndiye Mayi, khansala wanu akadzabwera mudzamufunse kuti madzi a Nasolo anayezedwa liti komaliza, ndipo akuonetseni pepalalo.