Mwana wanga akufuna kukhala ngati Wole Soyinka, nanga adzadya chiyani?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 4. Masamu ndi sayansi amakhoza bwino, koma akukana zaunamwino zomwe bambo ake akufuna. Akuti adzaphunzira zolembalemba ndi zisudzo, ndipo tikamufunsa za ntchito amangotchula Wole Soyinka. Ife munthuyo sitimudziwa. Kodi timuletse? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Ndiyambe ndi munthuyo, chifukwa mbiri yake ili ndi mawu kwa inu, komanso kwa mwanayo.

Soyinka, mlembi wa masewero ndi ndakatulo, anabadwa pa 13 Julayi 1934 ku Abeokuta m'dziko la Nigeria. Bambo ake anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni, mayi ake ankachita malonda. Anaphunzira ku University College Ibadan kuyambira 1952, kenako mu 1954 anapita ku Leeds ku England, komwe analandira digiri ya mabuku a Chingerezi mu 1957. Mu 1986 anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Mwana wanu akuona mphotoyo. Ine ndikufuna aone zaka 29 zomwe zili pakati pa digiri ndi mphoto, popeza m'menemo ndi momwe muli yankho la funso lanu.

Atamaliza ku Leeds, Soyinka anagwira ntchito kunyumba ya zisudzo ya Royal Court Theatre ku London. Ntchito yake inali kuwerenga masewero olembedwa ndi anthu ena n'kunena ngati ndi oyenera kuonetsedwa. Palibe amakuombera m'manja pantchito yotere. Koma amene wawerenga mulu wa masewero a anzake amadziwa pomwe nkhani imazizira, pomwe mawu amakana kutuluka m'kamwa mwa wosewera, ndi pomwe oonerera angayambe kuyasamula. Ndimawauza kawirikawiri achinyamata okonda kulemba kuti sitepe imeneyi siyodumphika, ndipo ndiyo ambiri amafuna kuidumpha.

Mu 1960 anabwerera kwawo atapeza thandizo la bungwe la ku America la Rockefeller Foundation loti afufuze za zisudzo za mu Africa. Sanadikire kuti wina amulembe ntchito yoonetsa masewero. Anayambitsa gulu lake lotchedwa 1960 Masks, ndipo sewero lake la A Dance of the Forests linaonetsedwa chaka chomwecho pomwe Nigeria imalandira ufulu wodzilamulira.

Tsopano za chakudya. Kwa zaka zambiri Soyinka anali mphunzitsi wa payunivesite, ku Ibadan, ku Lagos ndi ku Ife, komwe anakhala pulofesa mu 1975, ndipo pambuyo pake anaphunzitsanso ku America. Masewero ndi ndakatulo ankalemba ali ndi ntchito yolandira malipiro pamwezi. Ngati munthu wa luso lalikulu chonchi anagwiritsitsa ntchito, mwana wanu asaganize kuti ndakatulo zokha zidzamulipirira lendi akangochoka pasukulu.

Sindikubisirani zowawa zake. Mu 1967, nkhondo yapachiweniweni ya Biafra itabuka ku Nigeria, anamangidwa chifukwa choyesa kuti mbali ziwirizo zisiye kumenyana. Anakhala m'ndende miyezi 22, nthawi yambiri ali yekhayekha m'chitolokosi, ndipo posowa pepala ankalemba ngakhale pa mapepala a kuchimbudzi. Mu 1994 anathawa ulamuliro wa Sani Abacha, msilikali amene ankalamulira Nigeria, n'kubwerera mu 1998. Zinamugwera chifukwa chodzudzula olamulira poyera, ndipo mwana amene akumusirira adziwe kuti kutchuka kwake kunali ndi mtengo wake.

Chinanso chimene ndimachikonda mwa iye n'chakuti ngakhale anaphunzira kunja, nkhani zake ankatunga kwa makolo ake Achiyoruba. Sewero la Death and the King's Horseman la mu 1975 linachokera pa zomwe zinachitikadi ku Oyo m'dziko la Nigeria, pomwe nduna yomwe mwambo unkafuna kuti itsatire mfumu yake kumanda inaletsedwa ndi bwanamkubwa wachitsamunda. Choncho mwana wanu asanyoze chilankhulo chake, nthano za agogo ake ndi miyambi yawo. Ndizo zida zake.

Ndiye mumuletse? Ayi, koma musangovomeranso ndi maso otseka. Muyeseni kaye. Mufunseni akuonetseni zomwe walemba kale. Mufunseni sewero lomwe waliwerenga mpaka kumapeto popanda aphunzitsi kumukakamiza, ndipo akufotokozereni nkhani yake. Funsani aphunzitsi ake a Chingerezi ndi Chichewa ngati amatenga nawo mbali m'gulu la zisudzo la pasukulu. Mwana amene ali ndi kope lodzaza zolemba zofufutafufuta akusiyana kutali ndi amene wangokopeka ndi dzina lotchuka.

Mukaona kuti n'zoona, muthandizeni kusankha maphunziro ophatikiza zolembalemba ndi ntchito yodziwika, monga uphunzitsi, utolankhani, kumasulira, kukonza mabuku asanasindikizidwe, kapena kulemba mapulogalamu a pawailesi ndi pakanema. Kwa bambo ake ndinene mwaulemu kuti unamwino umafuna mtima. Munthu wolowa mokakamizidwa amavutika yekha, odwala nawonso amavutika naye.

Iwe mwanawe, ngati ukuwerenga, usataye masamu ndi sayansi mayeso asanafike. Khoza zonse kuti posankha udzasankhe uli ndi mphamvu, ndipo fufuza msanga maphunziro omwe kosi ukuifunayo imafuna kuti ukhoze bwino. Mayeso akatha, lemba sewero la mphindi 20, sonkhanitsa anzako asanu, muliyeserere kwa milungu ingapo, kenako muitane makolo anu adzaonere. Ukhale kumbuyo kwa oonerera ndi cholembera, uzilemba pomwe aseka, pomwe akhala chete ndi pomwe ayamba kuyang'ana mafoni. Ukatero ulilembenso kachiwiri, ndipo nkhani ya kosi mudzaikambirane ndi bambo ako ataonera sewero lachiwirilo.